Mphukira za bulugamu n'zayani?

Msungichuma: Mwaswera bwanji nonse. Anambewe abweza ngongole yawo, K180,000 pamodzi ndi chiwongoladzanja, koma sindinalembe m'buku. Ndalamayi yachokera ku mapolo a m'nkhalango yathu ija, ndiye ndati tiyambe tamvana.

Anambewe: Nkhalango yanu iti? Mitengo ya gulu tinadula mu 2021, tinagawana pa Disembala, aliyense anasayina. Ine ndadula mphukira, pamunda wa malemu mayi anga.

Anaphiri: Mphukirazo zinagwa kumwamba? Zitsa zake si zomwe tinakumbira mayenje mu Januwale 2015, chaka cha madzi osefukira chija, mvula ili pamsana? Bulugamu tinamusankha dala chifukwa ukamudula amaphukanso. Tikanafuna zodula kamodzi tikanabzala paini ngati ku Chikangawa.

Anambewe: Chigawanireni ndalama ija, ndani anapondako? Chitsa chilichonse chinatulutsa mphukira zothithikana ngati udzu. Ndinapatulira ndekha, kusiya ziwiriziwiri zowongoka. Chilimwe chilichonse ndimalambula m'mbali kuopa moto wa osaka mbewa. Chimanga changa cha m'malire chimangofiira, bulugamu wanuyo akumwa madzi onse. Nthawi imeneyo gulu linali kuti?

Mlembi: Ndayang'ana buku lakale. Palembedwa kuti mitengo 400 ndi ya gulu. Za mphukira mulibe, za malo mulibenso. Ndinalemba ndine, pepani.

Bambo a Tadala: Alembi agwa nayo 😂 Ine langa ndi limodzi: mapolo angati, pa mtengo wanji?

Anambewe: 120, limodzi K2,000. Anagula ndi omanga zigafa.

Msungichuma: Ndiye K240,000. K60,000 inayo?

Anambewe: Anyamata odula ndi mwini ngolo anagwira ulere?

Anaphiri: Mwamva tsopano. Ngongole ya gulu akubweza ndi mitengo ya gulu. Kuteroko chaka chino tigawana thukuta lathu lomwe, n'kumati ndi phindu.

Bambo a Tadala: Komatu Anaphiri, tinene zoona, malowo takhalapo zaka khumi osalipira ngakhale tambala. Mukabwereka munda kwa munthu mumapereka kangachepe.

Wapampando: Tatontholani amayi. Anambewe, kulakwa kwanu n'kudula osatiuza, pamenepo musatsutse. Ifenso tinakusiyirani ntchito, ndipo popanda kupatulira kuja bwenzi pali tchire la nkhuni, osati mapolo. Maganizo anga: ngongole ilembedwe kuti yabwezedwa, ikhale malipiro a malo ndi chisamaliro. Mitengo yotsala isakhudzidwe mpaka tilembe pangano latsopano pamaso pa amfumu.

Anaphiri: Ine sindinavomere. Tivote.

Wapampando: Tivota Lachinayi, koma kunkhalango konko, osati pakhonde. Tikawerenge zitsa zamoyo ndi mapolo otsala. Asungichuma, ndalamayo ikhale pambali, musabwereketse.

Anambewe: Chabwino. Pobwera mutenge makasu, mbali ya kudambo sindinalambule.