Njinga yamoto imadya ndalama pati kwenikweni?

Funso: Abale, ndikufuna kugula njinga yamoto ya injini yaing'ono ya 125cc, yogwiritsidwapo kale ntchito, yopitira ku ntchito. Petulo ndawerengera kale. Chikundidetsa nkhawa ndi zinazo. Inu amene muli nazo, ndalama zimathera pati?

Yankho: Achimwene, petulo si vuto. Yang'anani tcheni. Ikauma n'kumadya fumbi, mano a masipuloketi (zitsulo zozungulira zimene tcheni imayendapo) amasongoka ngati minga, ndiye mumagula zonse pamodzi, chifukwa tcheni yatsopano pa mano akutha siichedwa kutha. Ine ndimaitsuka, kuithira mafuta ndi kuikunga ndekha. Tayala lakumbuyo nalonso limatha msanga kuposa lakutsogolo, makamaka mukamanyamula munthu.

Yankho: Oilo musamamuumire ndalama ayi. Injini yaing'ono imalowa oilo pafupifupi lita imodzi yokha, ndipo mu njinga zambiri yemweyo ndi amene amafewetsanso kilatchi ndi magiya. Mukachedwa kusintha, mudzalipira makaniko wotsegula injini.

Yankho: Musaiwale inshuwalansi, msonkho ndi chipewa chabwino choteteza mutu. Chipewa chikamenyetseka pansi pa ngozi, gulani china ngakhale chisakuoneka chosweka.

Wofunsa: Zikomo nonse. Nanga pogula, ndingadziwe bwanji kuti injini yatopa?

Yankho: Ilizeni isanatenthe. Ikamatulutsa utsi wabuluu, ikuwotcha oilo. Isiyeni, pitani mukaone ina.