Anajambula Allianz Arena ndi omwewo a chisa cha mbalame ku Beijing?

Wa_Bayern_Mpakana:
Akuluakulu tandithandizani, dzulo timakangana ndi alamu anga tikuonera mpira, iwo akuti amene anajambula pulani ya Allianz Arena, bwalo la Bayern Munich lija, ndi omwewonso anajambula sitediyamu ya ma Olympics a 2008 ku Beijing ija yooneka ngati chisa cha mbalame, ine ndakana poti ziwirizi sizifanana olo pang'ono, ina ngati tayala lopopedwa inayo ngati zitsotso zolukana. Tinabetcherana fanta ziwiri, akunama ndani apa?

Mwana_wa_Mmisiri:
Kagulenitu fantazo achimwene. Ndi Herzog & de Meuron a ku Basel, Switzerland. Jacques Herzog ndi Pierre de Meuron, onse obadwa 1950, anadziwana ali tiana kusukulu, nkukaphunzira limodzi ku ETH Zurich kenako nkutsegula ofesi yawo 1978 ndipo mpaka lero dzina likadali lomwelo. Ku Beijing anagwira ndi ma architect a ku China komanso katswiri wa zaluso Ai Weiwei. Kusafananako ndiye khalidwe lawo anthu amenewa, sabwereza nkhope ya nyumba. Allianz anaitsegula 2005, kunja konse kuja ndi timapilo ta pulasitiki topopedwa mpweya, nchifukwa chake imayaka red Bayern ikamasewera, kale imayakanso blue nthawi imene 1860 Munich amagwiritsanso bwalo lomwelo.

Nachisale_UK:
Ine za mpira sindizitsata koma Tate Modern kuno ku London ndi yawonso. Inali power station yakale ya Bankside m'mbali mwa Thames, iwo sanagwetse, anasiya njerwa zake ndi chumuni chachitali chija nkukonza mkati kukhala nyumba yoonetseramo zojambula, anatsegula 2000 ndipo chaka chotsatira anapatsidwa Pritzker, mphoto yaikulu ya ma architect. Ndinapitako ndi ana poti kulowa nkwaulere, holo imene munali makina ija kukula kwake ana anangoyamba kuthamanga ine kumawakuwa ngati tili kumudzi kkkk

Foromani_Wakale:
Ine chimene ndimawapatsira ulemu ndi nyumba yosungiramo vinyo ya Dominus ku Napa, California. Makoma ake ndi ma gabion, eya omwe aja timaika m'mbali mwa milatho kuti madzi asakokolole dothi, miyala yongothira mu waya basi, kuwala kumalowa m'mipata ya miyala ndipo mkati simutentha. Chinthu chimene ife pa site timachiona ngati chonyozeka iwo anamangira nyumba yoti anthu amachita kukwera ndege kukaiona.

Koma tisawakweze kwambiri, Elbphilharmonie, holo ya zoimbaimba ya ku Hamburg, anayamba kumanga 2007 pamwamba pa nyumba yakale yosungira katundu kudoko, inatsegulidwa January 2017, ndalama zinakwera kupyola ma euro 800 miliyoni, ntchito inachita kuima mzinda ukukokanakokana ndi kontrakitala. Kuchedwa kwa ma project si kwathu kokha ayi.

Wa_Bayern_Mpakana:
Chabwino ndagonja, fanta ndigula. Koma chandizunguza mutu ndi ichi cha 1978 mpaka lero anthu awiri osamwazikana, ine ndi mnzanga wa ku pulayimale tinagula minibasi limodzi sitinathe ndi miyezi 8 yomwe, pano tikakumana mtauni aliyense amayang'ana foni yake. Alamu asaone thread iyi chonde.