Honda CB750 ya 1974: kabureta nambala 3 ikudontha, njinga ikufooka pa liwiro

Che Jafali: Mabwana, ndithandizeni nzeru. Makabureta anayi onse ndatsuka, mafuloti (toyandama totsekera petulo akakwana) ndaika pa 26 mm. Nambala 3 sikusiya kudontha petulo pa kapaipi ka pansi. Tsopano labwera vuto lina: ikafika pa giya 4 kapena 5 n'kutsegula moto, imatsamwa ngati petulo watha, ukabweza dzanja imatsitsimuka. Mapulagi onse anayi ndi otuwa, palibe wakuda.

A Phiri: 26 mm ndi yolondola pa makabureta a Keihin a chaka chimenecho. Koma poyeza munawagwira bwanji, achimwene?

Che Jafali: Ndinawatembenuza chadodolido pa benchi, mafuloti kumwamba.

A Phiri: Kufookako kwachokera pamenepo. Kunsi kwa nidulo, kasingano kotseka polowera petulo, kuli kapini kokhala ndi sipuling'i mkati. Mukatembenuza kwathunthu, fuloti imatsamira pa kapiniko n'kukakanikiza, ndiye nambala imene mukuwerenga imachepa. Inu munapinda kuti ifike 26, pomwe muyeso weniweni wapitirira. Nambala ikakula, petulo m'kambale ka pansi pa kabureta amachepa, chifukwa nidulo imatseka msanga. Pa aidulo simungaone kanthu, koma pa liwiro jeti yaikulu, kabowo kodutsa petulo wopita ku injini, imasowa chokoka.

Yezaninso motere. Chotsani gasiketi. Imikani makabureta chammbali kuti mafuloti alendewere pa pini yawo, kenako pendeketsani pang'onopang'ono mpaka kalilime ka fuloti kangokhudza kapini osakakankha. Gwirani pomwepo. Yezani kuchokera posalala pokhala gasiketi kufika pamsana pa fuloti, pamalo otalika kwambiri. Ngati choyezera cha venia chikukuvutani ndi dzanja limodzi, dulani kakhadi ka pulasitiki ngati chipata, kuya kwake 26 mm, miyendo iponde mbali ziwiri za kabureta. Mafuloti ndi awiri pa mkono umodzi, yezani onse. Wina akakwera kuposa mnzake ndiye kuti mkono unapotoka, muyambe mwawongola umenewo.

Mai Nachisale: Popinda, pindani kalilime kokha, ndipo fulotiyo muichotse kaye. Mukamapinda ili pamalo mumadinda nsonga ya nidulo pa mpando wake. Kalilime kakapita ku nidulo nambala imakwera, kakachoka imatsika. Inu mukufuna itsike. Musachite mwamphamvu: kusuntha kochepa kwambiri pa kalilime kumakhala mamilimita angapo pa fuloti. Pini ikakanirira musaimenye ndi hamala timizati togwira piniyo tili lende, timathyoka ndipo kabureta yonse yatha ntchito. Tsamiritsani kamzatiko pa soketi yaing'ono, ndiye mugogode pang'ono.

Madala Gondwe: Zoyezazo zamveka, koma kudonthako ndi nkhani ina. Taganizani: petulo ndi wochepa m'timbale tonse, pulagi wa nambala 3 si wakuda, koma ikudonthabe. Ikanakhala ikusefukira, pulagiyo bwenzi ali ndi mwaye. Ine ndikukayikira kapaipi ka bulasi koimirira mkati mwa kambale. Pa njinga zakalezi kamang'aluka m'litali, mng'alu wake woonda ngati tsitsi, petulo amalowera pamenepo asanafike pakamwa pake. Chotsani kambale ka nambala 3, kapukuteni kunja, thirani petulo mpaka atsale pang'ono kufika pamwamba pa kapaipiko, muike pa pepala louma. Pakanyowa pasanathe mphindi zisanu, mwachipeza.

Pakapanda kunyowa, ndiye onani nidulo ndi galasi lokuza. Ikakhala ndi kamzere kozungulira pansonga, sinthani pamodzi ndi mpando wake, osati imodzi yokha. Fuloti ikakhala ya bulasi igwedezeni pakhutu, kapena imizeni m'madzi otentha muone ngati ikutulutsa thovu. Thanki nayonso muisuzumire. Petulo wathu kuno ndi wosakaniza ndi ethanol, amakoka chinyezi, ndipo njinga ikakhalitsa osayenda dzimbiri limayamba pansi pa thanki. Kachidutswa kamodzi kakakhala pa mpando, nidulo sitseka.

Che Jafali: Madala, mwalasa. Pepala lanyowa, mng'alu uli chapakati pa kapaipi. Mafuloti ndayezanso chopendeketsa, anali pakati pa 28 ndi 29. Mng'aluwu ndimate ndi guluu?

Madala Gondwe: Guluu ayi, petulo amamudya n'kukatseka jeti. Tsukani kambale, kaume mpaka fungo lithe, palani kapaipiko ndi sandipepa wosalala kawale, ndiye muwotcherere ndi mtovu pogwiritsa ntchito chitsulo chamagetsi, osati lawi. Mtovu ukhale wopyapyala kuti fuloti isakhulepo, ndipo bowo la pamwamba lisatsekeke. Bwerezani kuyesa kwa pepala musanamange.

A Phiri: Mukamanga, tsimikizani ndi paipi yoonekera mkati. Njinga pa sitandi yapakati, pamalo osapendekera. Lowetsani paipi pa bowo la sikuluu yokhuthulira, muikhotetsere m'mwamba pambali pa kabureta, tsegulani kampopi ka petulo. Petulo aime 2 mpaka 4 mm pansi pa mzere umene kambale kakumana ndi kabureta, ndipo anayi onse afanane. Muli thovu m'paipi, ligogodeni lituluke musanawerenge. Ndipo ena amene muli ndi CB750 ya 1977 kapena 1978 musatengere 26 imeneyi, makabureta ake ndi ena ndipo muyeso wake ndi wina.