Anthu ongodzipereka akutisiya mmodzimmodzi, titani?

Moni nonse m'gulu lino. Ndimayang'anira kagulu ka anthu ongodzipereka kudera lakumudzi komwe chipatala chili kutali. Ndi iwowa amene amayendera odwala m'makomo, kukumbutsa makolo za katemera wa ana, ndipo mayi woyembekezera matenda akamuyamba usiku, ndiwo amathamanga kukasaka galimoto. Koma akusiya, makamaka achinyamata omwe akupita m'tauni kukafuna ntchito. Sindingawadzudzule, nawonso ali ndi mabanja.

Tayesa kuchepetsa masiku ogwira ntchito, kuwapatsa masatifiketi ndi kuwayamikira pamisonkhano, koma sizikuphula kanthu. Ndalama zowalipira tilibe, ndipo ndikuopa kuti titayamba kulipira, zikadzatha onse adzachoka.

Inu amene mwakhalitsa pantchito imeneyi, mumawasunga bwanji anthu oterewa? Kodi kuwapezera maphunziro aulere kumathandizadi? Chonde ndithandizeni maganizo.