Kodi ana obereka amalakwanji m'mabuku a maulendo a okalamba?

Wowerenga Usiku:
Moni nonse. Ndangomaliza buku lina la nkhani yopeka yochitikira ku Australia. Mutu wake sinditchula poti ndiulula mathero. Mayi wamasiye wa zaka 72 akutenga galimoto ya malemu amuna ake, ija yokhala ndi bedi ndi kachitofu m'kati, n'kunyamuka ku Adelaide kulowera ku Perth. Panjira akunyamula mtsikana wothawa kwawo, kenako bambo wina wopuma pantchito amene galimoto yake yafera pamsewu. Pofika ku Perth atatuwa asanduka banja, wina akakhosomola enawo tulo osabwera. Ndaseka, penanso misozi inalengeza.

Koma chandikhala pamtima ndi mwana wake wobereka. M'buku lonse amangomveka pafoni, akukalipa, akufuna kugulitsa nyumba n'kukasiya mayi ake kumalo osungirako okalamba. Aka si koyamba kuziona m'mabuku otere. Kodi wolemba sangatikondweretse ndi abale opeza panjira popanda kudetsa abale enieni?

Dalaivala Wakale:
Mayi, ine ndili kumbali ya mwanayo. Kuchoka ku Adelaide kufika ku Perth ndi makilomita pafupifupi 2,700, ndipo msewu wake, Eyre Highway, umadutsa chipululu cha Nullarbor chomwe mitengo ndi yosowa. Pali chigawo cha makilomita 146 chopanda kukhota ngakhale pang'ono. Amene anagwirapo chiwongolero akudziwa kuti msewu wowongoka ndiwo umagonetsa. Dzuwa likamalowa nyama za kangaroo zimadumphira pamsewu, ndipo malole akumeneko amakoka ngolo ziwiri kapena zitatu. Tsono mayi anu a zaka 72, mwina maso ayamba ng'ala, mankhwala a BP ali m'chikwama, inu simungakalipe pafoni? Wolemba amangotimvetsa mawu a mwanayo, sationetsa kuti wagona bwanji usikuwo.

Komabe msewu anasankha bwino. Pamalo potero mukayambana palibe wotsika, mungopirirana mpaka pomwetsa mafuta potsatira.

Mayi wa Atatu:
Achimwene a Dalaivala, za msewu ndakumvani, koma ine bukuli ndiliikira kumbuyo ngakhale sindinaliwerenge. Ana anga atatu ndi abwino, palibe wandilakwira. Koma akaimba foni mafunso ndi omwewo: mwamwa mankhwala? mwadya? bondo lija lili bwanji? Kwa iwo ndine wodwala wofunika kuyang'aniridwa. Mlendo amene mwakhala naye mpando umodzi sadziwa za bondo lanu. Amakufunsani dzina lanu, ntchito imene munkagwira, amene munakondana naye musanakwatiwe. Mwana wanu sangakufunseni zimenezo, ndipo inunso simungamuuze. Ndicho chimene mabukuwa amagulitsa, ndipo ife okalamba timagula mokondwa.

Osungulumwa ndi ambiri, musaone ngati n'zongopeka. Boma la Britain linasankha nduna yoona za kusungulumwa mu 2018, la Japan linatsatira mu 2021. Ndipo ku Australia komweko anthu opuma pantchito oyendayenda ndi magalimoto ogonamo alipodi, amawatcha grey nomads. Ena amazungulira dziko lonselo pa Highway 1, msewu wa makilomita pafupifupi 14,500, ndipo amakumanakumana m'malo ogona mpaka kudziwana bwino.

Chimene ndikuvomereza n'chakuti mwana woipitsitsa ndi ulesi wa wolemba. Akufuna chifukwa chachangu chotulutsira gogo m'nyumba pamutu woyamba. Buku lokoma koposa lingakhale la mwana wachikondi amene akutsekereza mayi ake chifukwa cha chikondi chomwecho. Pamenepo owerenga angasowe womuda.

Kadzidzi:
Ine funso langa ndi lina. Mafuta a ulendo wonsewo akulipira ndani? M'mabukuwa ndalama sizitha, ndipo chimbudzi cha m'galimoto palibe amene amakakhuthula.

Wowerenga Usiku:
A Kadzidzi mwandiseketsa, koma m'buku ili chimbudzi chilimo, ndipo amakhuthula ndi bambo wopuma pantchito uja. M'pamene ndinadziwa kuti wamukonda mayiyo. Za mafuta anagulitsa mphete.

Mayi wa Atatu, zikomo kwambiri. Mwandikumbutsa kuti pamutu womaliza mwana uja akukwera ndege kukawachingamira ku Perth, koma wolemba akumupatsa masamba awiri okha. Ine ndikanakonda akanakwera nawo galimotoyo pobwerera, akhale kumbuyo ndi mtsikana uja, tione ngati angapirire makilomita 146 aja osafunsa za mankhwala.