Za 45,000 metikali yotuluka m'bokosi la gulu losunga ndi kukongozana ndalama popanda msonkhano

Mlembi: Amayi ndi abambo, mabuku ndawerengera. Masheya onse ndi 1,100 a 100 metikali imodzimodzi, ndiye 110,000. Phindu la chiwongoladzanja ndi zindapusa lafika 33,000, sheya imodzi imayenera kubereka 130 pogawana mu Disembala. Koma m'bokosi mukuperewera 30,000. Mnzathu uja adatenga 45,000, wabweza 15,000 yokha. Tikangoti zapita, sheya itsika kufika pa 103.

Wowerengera ndalama: Malamulo athu amati munthu akongole kosapitirira katatu pa zomwe wasunga. Iwo adasunga 6,000, malire awo anali 18,000. Nanga 45,000 idatuluka bwanji? M'buku la misonkhano mulibe tsiku, mulibe saini. Bokosi lili ndi maloko atatu, silidzitsekula lokha.

Wapampando: Pepani, tisaiwale kuti ndalamazo sadamwere mowa. Adagula mbewu ya mbatatesi ndi feteleza ku Tsangano, chiwawu chidaotcha munda wonse mvula itachuluka, masamba kuchita kuda ngati adutsidwa ndi moto. Ndi ngozi. Tithandizane, titape m'thumba la zadzidzidzi.

Mlembi: Ayi bambo, thumba limenelo ndi la maliro ndi matenda, timaponyamo 20 pamsonkhano. Silibweza ngongole. Ndiponso za chiwawu palibe akutsutsa. Funso ndi lakuti adavomereza ndani.

Mayi wa sheya zochepa: Inetu mundikumbutsa 2016. Akuluakulu ku Maputo adali atakongola pafupifupi madola 2 biliyoni kudzera ku makampani a boma a Ematum (ya maboti a nsomba), ProIndicus ndi MAM, boma n'kuimira ngati chikole mopitirira malire amene nyumba ya malamulo idaika. Zitaululika, bungwe lokongoza maiko ndalama la IMF ndi maiko othandiza adaimika thandizo, metikali idagwa, dola imodzi n'kupitirira 70 metikali. Adalipira ndani? Wogula sopo ndi mafuta pamsika wa Ulongué, amene sadaone ngakhale boti limodzi la nsomba. Apanso mukufuna agogo oponya sheya imodzi pamlungu ataye 27 pa sheya iliyonse chifukwa cha zomwe anthu anayi adapangana kuseri kwa nyumba?

Wowerengera ndalama: Mwalasa, mayi. Ndipo Conselho Constitucional, bwalo loona za malamulo aakulu a dziko, mu 2019 ndi 2020 idagamula kuti ngongole zija n'zosavomerezeka, chifukwa sizidadutse poyenera. Yathuyi n'chimodzimodzi. Maganizo anga ndi awa. 6,000 ya masheya a wokongola ngongoleyo tigwire, itsala 24,000. Imeneyo igawidwe patatu kwa osunga makiyi, 8,000 aliyense, tidule pa gawo lawo tsiku logawana. Iwowo akalondole okha kwa wokongola akadzakolola. Chiwongoladzanja cha 10 pa 100 tichiimike kuyambira mwezi umene munda udapsa, apo chifundo chikwanira.

Wosunga kiyi wachiwiri: Zikomo, koma 8,000 mofanana si chilungamo. Kiyi wangayu adapemphedwa ponena kuti ndi zamaliro, ndipo potsekula mwini kiyi panalibe.

Mlembi: Mlamu, kiyi sabwereketsa ngati mpeni wa nyama. Maliro omwe timatsekula pamaso pa anthu asanu. Komabe wonamizidwa ndi wonamiza asalipire mofanana: 4,000 inu, enawo 10,000 aliyense, gulu likavomereza.

Wapampando: Bwanji mtsogolo ndalama zambiri tizisunga ku banki, bokosi lizikhala ndi zochepa?

Wowerengera ndalama: N'zotheka, pa akaunti yofuna masaini atatu. Kungoti banki nayo imagwa. Nosso Banco itatsekedwa mu Novembala 2016, thumba loteteza osunga linkabweza mpaka 20,000 basi pa munthu. Zimenezo tikambe tikatha kugawana, tisasakanize milandu.

Mlembi: Loweruka 2 koloko pakhonde lomwe lija. Aliyense abwere ndi kabuku kake, makiyi onse atatu, ndipo wokongolayo abwere yekha, asatume mwana. Tivota ndi nyemba ndi chimanga m'chipewa kuti wina asaope nkhope ya mnzake.