Thandizeni abale, ma microservice andiika m'madzi

Wofunsa (wabisa dzina): Akuluakulu, zandivuta. Tili ndi app yosunga mabuku a ma banki m'khonde. Mnyamata amene anaipanga anaiduladula m'ma microservice 11 (timapulogalamu tating'ono todziyimira patokha) pa AWS (maseva obwereka a Amazon), zonse mu Kubernetes (pulogalamu yoyendetsa timapulogalamu totere), kenako ulendo wa ku Joni osasiya ngakhale kapepala. Pano abwana akuti ineyo ndi amene ndikuwononga ndalama, chonsecho malipiro anga sanakwerepo chigwereni kwacha mu 2023. Laputopu ndi yanga yomwe, batire inafa kalekale. Bilu ikungokwera, app ikuchedwa. Ndiphatikize zonse zikhale pulogalamu imodzi (monolith) kapena ndisamukire ku Azure, maseva a Microsoft?

Mdala wa monolith: MA SERVICE 11 MUNTHU MMODZI?! Achimwene, inu si Netflix. Seva imodzi, database ya Postgres imodzi, nkhani yatha. A Prime Video omwe analemba mu 2023 kuti atabwerera ku monolith mtengo unatsika ndi 90%.

Wa DevOps: Linali gawo limodzi lokha loyang'anira mavidiyo, mdala. Musamanamize ana.

Mdala wa monolith: Ana ake ati? Ine ndinayamba kukhudza maseva inu mukadali ku pulayimale.

Mlongo wa ku backend: Muli region iti (dera limene kuli maseva anu a AWS)? Ngati ndi us-east-1, request iliyonse ikukafika kaye ku Virginia. Ya ku Cape Town ilipo kuyambira 2020, kungoti imadulirapo. Nanga ogwiritsa ntchito app ndi angati?

Wozunzika mnzanu: Ine ndinaiwala kuzimitsa NAT Gateway (kachipata ka AWS kolumikiza maseva ku intaneti) miyezi itatu. Kanthu kameneka kamawerenga maola ngakhale pasadutse chilichonse. Pokalipira khadi inakana, kubanki akuti madola kulibe. Mayi akunyumba mpaka lero amanditchula Bambo Gateway.

Wongodutsa: Mnyamata wa ku Joniyo ali m'gulu lomwe lino, akuwerenga uku akumwa tiyi 😂

Mdala wa monolith: EKS (Kubernetes ya pa AWS) payokha ndi masenti 10 a dola pa ola, madola 73 pamwezi musanayatse node (seva) ngakhale imodzi. Koma mukufuna zioneke bwino pa CV eti. PHATIKIZANI!

Wa DevOps: Musanagumule chilichonse tsegulani Cost Explorer, muone service imene ikudya kwambiri. Muikenso budget alert. Kusamukira ku Azure ndi mavuto omwewo, mungosintha dzina pa bilu.

Wofunsa: Zikomo nonse. Abwana angonditumizira voice note ya maminitsi 6, mtima sukundilola kuitsegula. Komanso kodi batire ya ThinkPad ndingaipeze kuti ku Limbe?

Mlongo wa ku backend: Region iti, achimwene?